Tisanavote tsiku la ulendo wa ku Likoma

 Uthengawu ndi wautali ngati masiku onse, ndiye amene muli pa ntchito usungeni, muwerenge madzulo podikira nsima.

Nkhani yake ndi ya ulendo wa ku Likoma. Ena mukudziwa kale kuti kuno ku Lilongwe tilipo anthu khumi ndi awiri amene takhala tikusonkha K20,000 mwezi uliwonse kuti tikapumeko pachilumba masiku angapo. Gulu lathu ndi losakanikirana: a ku Kawale, a ku Biwi, a ku Area 23, mlongo wathu mmodzi wa ku 25, mnyamata wa geni ya mtedza ku Mgona, ndi ine wa ku Chinsapo. Obadwira m'mbali mwa nyanja tilimo atatu okha. Enawo madzi ambiri amene anawaonapo ndi a mtsinje wa Lilongwe ukadzaza. Ndalama yasonkhedwa, za malo ogona tafunsafunsa, koma takanirira pa funso limodzi: tipite liti? Loweruka likubwerali tivota, ndipo popeza a kumtunda ndiwo ambiri, ndati ndilembe maganizo anga poyera manja asanakwere.

Mbali zilipo ziwiri. Mkulu wina wa ku Biwi, amene foni sichoka m'manja, anafufuza pa Google za nthawi yabwino yopitira ku zilumba. Anapeza zoti nyengo ya hurricane imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, ndiye akuti basi, Disembala ndi bho, Khirisimasi tikadyere ku Likoma. Mlongo wathu wa ku 25 anamuseka. Akuti zimenezo ndi za kunja, kwathu kuno anamondwe amabwera m'dzinja, choncho tipite sabata ya 6 Julayi: kuli holide, kumwamba kuli mbee, mvula kulibe, udzudzu wachepa. Anthu ambiri atsamira kwa iyeyu chifukwa zomwe akunena zikumveka zanzeru. Ndipo theka lake ndi zoona.

Hurricane ndi cyclone ndi chinthu chimodzi, dzina limangosintha malinga ndi nyanja yamchere yomwe chabadwira. Ku Atlantic, komwe kuli Jamaica, Cuba ndi Bahamas, amati hurricane. Ku Japan ndi ku Philippines amati typhoon. Kuno ku Indian Ocean amati cyclone, pa wailesi timangomva kuti namondwe. Chimphepochi chimabadwa madzi a pamwamba pa nyanja yamchere akatentha kufika madigiri 26 kapena 27, ndipo popeza iwo ali kumpoto kwa dziko lapansi ife tili kummwera, miyezi yathu yotentha ndi yosemphana ndi yawo. Masiku amene mkulu wa ku Biwi anawerenga ndi oona ndithu, koma ndi a ku Caribbean. Nyengo yathu, ya chigawo chomwe muli Madagascar, Mauritius ndi Mozambique, imawerengedwa kuyambira pa 15 Novembala mpaka pa 30 Epulo. Khirisimasi ili mkati momwemo. Pasaka nayenso, chaka chilichonse.

Sindikufunika kukukumbutsani zambiri. Ana anabwera mu Januwale 2022 n'kuononga pa Kapichira, ndipo mdima wake tinauona mpaka ku Chinsapo kwa miyezi yambirimbiri ngakhale Shire ali kutali nafe. Mu Malichi chaka chomwecho kunabwera Gombe. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, nawoloka Indian Ocean yonse, namenya Madagascar, namenya Mozambique, nabwereranso panyanja kukatenga mphamvu zina, kenaka n'kudzatera kachiwiri cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Masiku otsatirawo ndi aja a Chilobwe, Soche, Mulanje ndi Phalombe. Anthu oposa 1,000 anapita, tikaphatikiza amene sanapezeke. Namondwe ameneyu anakhala moyo masiku 36, ndipo palibenso wina m'mabuku amene anakhalitsa chotere. Kwa inu a Khirisimasi, dzina loti mulisunge ndi Chido: anasakaza chilumba cha Mayotte pa 14 Disembala 2024, mawa lake anatera kufupi ndi Pemba, n'kudutsa kumpoto kwa Mozambique mpaka kulowa kwathu. Kunali kutatsala masiku khumi kuti anthu aphe nkhuku.

Koma tinene chilungamo. Likoma ali kutali ndi nyanja yamchere. Namondwe akatera pamtunda amayamba kufooka chifukwa chakudya chake ndi madzi otentha aja, ndipo chimene chimafika kwathu kwambiri ndi mvula, makamaka m'maboma a kummwera. Ndiye mantha anga a dzinja si oti chilumba chikasesedwa ngati zomwe timaona pa TV. Mantha anga ali pa msewu. Kuchoka pa depoti ya Lilongwe timatsikira ku Salima, kenaka timakhotera kumpoto pa msewu wa M5, ndipo msewu umenewu umadula mitsinje yonse yochokera kumapiri isanathire m'nyanja: Kaombe, Bua, Dwangwa, Dwambazi ndi ina ing'onoing'ono yomwe m'chilimwe mwana amailumpha. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 Dwangwa anasefukira, anthu masauzande anathawira m'misasa, msewu unaduka. Imeneyo sinali mvula ya namondwe wa dzina, inali mvula basi. Mlatho umodzi ukapita, njira yotsala ya ku Nkhata Bay ndi yozungulira ku Kasungu ndi Mzuzu, ndipo bajeti yathu sinaikonzere imeneyo. Panyanja pomwe m'dzinja mvula imabwera ndi mpoto ndi mphenzi, mtambo wakuda umene masana unali kutsidya umakupeza usanamalize kukoka matchera. Kukoma kwake kulipo, sindikana: mango amakhala mbwee, ndipo mungaone nkhungu zikutuluka m'madzi ngati utsi wa moto wolusa pakati pa nyanja, chinthu chimene wa ku Area 23 akhoza kulumbira kuti sitima ikupsa. Koma Disembala ine ndaikana, ndipo pamenepa ine ndi mlongo wathu tili pamodzi.

Tikusiyana pa Julayi.

Wa kumtunda akamva kuti nyengo yoipa amaganiza za mvula. Kumwamba kukayera kwa iye ngozi yatha. Ife amene tinakulira pa doko tikudziwa kuti miyezi imene amayi amagona khutu lili kunyanja si ya mvula yokha, koma Juni, Julayi ndi Ogasiti, nthawi ya mwera. Mwera ulibe dzina la chizungu ngati Freddy, suoneka pa mapu ngati chinthu chozungulira, BBC siulengeza. Umangobwera chaka chilichonse kuyambira cha mu Meyi, n'kumawomba masiku awiri, atatu, nthawi zina kuposa, kupuma pang'ono, kenaka kuyambiranso. Dzuwa limakhala likuwala bwinobwino. Mutajambula chithunzi muli pamchenga, anzanu a m'tawuni akhoza kukusilirani, osadziwa kuti mabwato onse ali pamtunda ndipo palibe amene walowa m'madzi kuyambira dzana.

Ndi mpweya wozizira womwewo umene umachokera kunyanja yamchere kummwera chakum'mawa, umene ku Thyolo ndi ku Blantyre umawapatsa chiperoni, kuno ku Lilongwe n'kutiveka majuzi. Chimene chimaupatsa ukali kwathu ndi kagonedwe ka nyanja. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 500 ndipo inagona chakummwera ndi chakumpoto, ngati mpita pakati pa mapiri. Mwera umalowa cha ku Mangochi n'kumathamanga motsata utali wonsewo popanda choutchinga. Funde limakula malinga ndi mtunda umene mphepo yalikankha. Pofika pa Likoma lakhala likukankhidwa makilomita oposa 200, pamadzi akuya, pamene nyanja ili yotambalala kwambiri. N'chifukwa chake a zanyengo akamachenjeza za mwera mumamva akutchula mafunde a mamita awiri kapena kuposa. Mamita awiri ndi kutalika kwa chitseko cha nyumba yanu. Ndiye ganizirani zitseko zikubwera motsatizana, usiku, muli pakati pa Nkhata Bay ndi Chizumulu, mtunda suoneka mbali zonse.

Ngati simukundikhulupirira, funsani amayi ogulitsa usipa pa msika wa Nsungwi kapena wa Kawale. Inu mumangodandaula kuti mu Julayi mulu wachepa, mtengo wakwera, mavenda atiwonjeza. Si mavenda okha. Ndi mwera umenewo, wafika mpaka mu poto wanu. Chilimira sichiponyedwa pa mafunde otere, siginala sangakhazike nyali pa bwato umene ukuvina, ndiye mathandala amakhala opanda kanthu. Mukaona usipa wasowa m'tawuni mwezi uli mumdima, dziwani kuti kunyanja kwavuta.

Ndipo si mabwato okha. Ngozi yaikulu kwambiri ya sitima m'mbiri ya nyanja yathu sinachitike m'dzinja. Vipya inamira pa 30 Julayi 1946 cha kufupi ndi Chitimba, kumunsi kwa Livingstonia, itakumana ndi mphepo yamphamvu, ndipo anthu 145 anafa. Inali sitima yachitsulo, yatsopano. Kwathu ku Nkhotakota, pa tchalitchi cha All Saints, pali manda a Bishopu Chauncy Maples. Iyeyu anali atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, ndipo anali pa ulendo wopita ku chilumba chomwechi chimene ife tikusonkhera, pamene boti lake linagubuduzika ndi mphepo kumayambiriro kwa Sepitembala 1895. Sanafike. Sitima yakale ija ili ku Monkey Bay inatchedwa dzina lake. David Livingstone amene timamutama kuti anaitcha nyanja ya nyenyezi, ataiyenda bwino mu 1861 anaitchanso nyanja ya anamondwe, koma dzina lachiwirili simudzaliona pa chikwangwani cha malo ogona alendo.

Izi ndi za m'mabuku. Ndili ndi yanga ya pa doko. Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, Ababa anali ndi mnyamata wina m'gulu lawo, wamphamvu, wodziwa kusambira kuposa tonse, amene anandiphunzitsa kugwira nkhafi. Chaka chimenecho anakamanga msasa ku doko lina kutali ndi kwathu, kutsatira usipa. Mwera unawapeza komweko ndipo unawomba masiku atatu. Mnyamatayu anali ndi chinkhoswe cha mlongo wake Loweruka, ndipo ndalama ya mbuzi inali m'thumba mwake. Ababa anamuuza kuti, "Iwe, dikira. Chinkhoswe akhoza kusuntha, mbuzi ukapereka ngakhale mochedwa." Anavomera, koma Lachisanu m'bandakucha mphepo inaoneka ngati yagona, ndipo panapezeka boti la injini la anthu a geni amene nawonso anali atatopa kudikira, matumba a usipa wouma atasanjikiza mpaka pamwamba. Anakwera. Dzuwa litakwera pang'ono mwera unadzuka. Amene anapulumuka ndi amene anakumbatira zigubu. Iyeyo anapezeka patatha masiku anayi, kutali chakumpoto, komwe mphepo inamusiya. Ababa sakonda kuikamba nkhaniyi, koma kuyambira pamenepo munthu akawauza kuti ndikuyenera kufika lero, amamuyang'ana nthawi yaitali osayankha.

Ndaikamba chifukwa mwa ife khumi ndi awirife, pafupifupi aliyense ali ndi chinkhoswe chake, ndipo dzina lake ndi Lolemba. Mnzathu wa ku Kawale amagwira mu shopu ya mwenye, ndipo masiku amene angapemphe ndi atatu, lachinayi akapeza wina ataima pa kauntala. Wa ku Mgona akasowa sabata, malo ake pa msika atengedwa. Wina ali ndi mwana amene adzamusiye kwa neba. Tsono taganizirani: tili pa Likoma, Lamlungu, mwera wayamba, sitima yachedwa kapena yaima penapake kudikira kuti kuzizire. Ndalama ya malo ogona yatha. Pagombe pali mkulu wina wa boti la matabwa akuti ine ndikuwoloka, bwerani, ndawolokapo kambirimbiri. Ndani mwa ife adzakane? Ine ndikukudziwani. Mudzayamba kuwerengera malipiro a mwezi, nkhope ya bwana, lendi ya kwa alandilodi, ndipo mudzakwera. Mphepo payokha simiza munthu amene ali pamtunda. Amene amamira ndi amene ali ndi chifukwa chomveka bwino chowolokera lero.

Ndiye kusankha mwezi ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi masiku ndi ndalama zapadera.

Za mayendedwe zili chonchi. Sitima imene tonse timaidalira ndi Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Agogo athu anaikwera, ifenso tikuikwera. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yoti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kudutsa Nkhotakota, kufika ku Likoma Loweruka, kupitirira ku Chizumulu, Nkhata Bay mpaka Chilumba, kenaka pobwerera n'kudzadutsanso pa Likoma cha Lachiwiri. Kutanthauza kuti imapita kumpoto kamodzi pa sabata, kummwera kamodzi pa sabata. Si minibasi ya ku 25 yoti ikakusiya ukwera ina. Nthawi zina imakhala ku Monkey Bay kukonzedwa ndipo zina monga Chilembwe ndi zimene zimayenda, komanso pali Chambo ndi maboti ena a pakati pa Nkhata Bay ndi zilumbazi. Zonsezi masiku ake amasintha, choncho tidzafunse sabata yomweyo kwa anthu amene ali pa doko, osati kudalira ndandanda imene wina anaika pa intaneti zaka zitatu zapitazo. Chinanso chimene a m'tawuni sachidziwa: pa madoko opanda jeti, ngati kwathu ku Nkhotakota, sitima imaima patali ndipo anthu amatengedwa ndi maboti ang'onoang'ono, pamodzi ndi matumba a chimanga, malata, njinga ndi ana kumsana. Nyanja ikakhala bata zimenezi ndi zoseketsa, anthu amajambulana. Pa mwera, usiku, kukwera makwerero a sitima boti likudumpha pansi pako, si masewera. Ndipo amene sanayendepo pamadzi, m'mimba mwawo mudzawauza zoona. Ndaonapo amuna a ndevu zawo atagona pansi ngati matumba, akulonjeza Mulungu zinthu zimene sangakwanitse.

Maganizo anga ndi oti pa ndalama tasonkhayi, gawo limodzi mwa magawo anayi lisakhudzidwe. Lisalowe mu bajeti ya nyama, ya zakumwa, kapena ya malaya ofanana aja ena mukufuna tisindikize. Likhale la masiku owonjezera ngati nyanja yatitsekera, ndipo tikabwerako bwino tidzagawana. Ina ikhale m'thumba, chifukwa pachilumba netiweki ikhoza kuvuta kapena ejenti akhoza kukhala wopanda ndalama yokwanira anthu khumi ndi awiri nthawi imodzi. Mitengo ya sitima ndi malo ogona sindiika pano. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene wamva lero sukhala wa mwezi wamawa. Za ndege ndazimva, bwalo lilipo pa Likoma, koma amene anaitchula aja atiuze ngati akulipirira gulu lonse. Ndipo aliyense apemphe tchuthi cha sabata yathunthu, osati masiku atatu. Amene sangapeze sabata, kuli bwino tikamuperekeze ku Senga Bay tsiku lina, kumene akatopa akwera minibasi n'kugona kwawo.

Tsono mwezi wake uti? Ine ndikuti kuyambira kumapeto kwa Sepitembala mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo pakatikati pa Okutobala ndiye penipeni. Mwera umakhala utatha mphamvu, mvula isanayambe, nyengo ya anamondwe isanatsegulidwe, milatho ili chilili. Madzi amakhala ofunda ndi oyera moti mbuna umaziona uli chiimire pamwala. Kutentha kulipo, kwa mnanu, ndipo chilumbacho chimakhala chouma, udzu wofiira, malambe ali mbulanda. Amene akufuna zobiriwira za pa kalendala ya kubanki akhumudwa. Sindikunenanso kuti Okutobala alibe mphepo. Vuma amawomba kuchokera kum'mawa ndipo amatha kuvundula nyanja, koma mwa zomwe ndaona ine, ndi mphepo yoti umaidikira maola, osati masiku. Holide ya Anakubala pa 15 ingatithandize kuchepetsa masiku opempha kwa mabwana, ngakhale ndikudziwa kuti ena amayi anu akakumva kuti tsiku lawo mukalidyera kutsidya kwa nyanja, nkhani yake ikhala ina. Muwagulire chitenje msanga.

Muyang'anenso mwezi wa kumwamba, chifukwa nawo uli ndi zonena. Mwezi ukakhala wathunthu gombe limakoma usiku, koma asodzi a usipa amapuma chifukwa nyali zawo sizikoka nsomba kuwala kukachuluka. Mukafuna kuona nyali zitandandalika panyanja ngati tawuni yoyandama, n'kudya usipa wofutsa wa m'mawa womwewo ndi kondowole, sankhani masiku a mdima. Ine ndingasankhe mdima, koma ine ndi mwana wa msodzi, musanditsatire pa chilichonse.

Amene akufunsa kuti kodi chilumbacho chili ndi chiyani choti tivutikire chonchi: Likoma ndi Chizumulu ndi nthaka ya Malawi koma yozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Pasipoti sifunika, pokhapokha mutafuna kuwolokera ku Cobue, kumene mapiri ake mumawaona pafupi ngati mungawagwire. Pa Chipyela pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha Anglican, chimene anayamba kumanga mu 1903, ndipo ukalowamo umadabwa kuti zipangizo zonsezo zinafika bwanji pa kachilumba kotere nthawi imene kunalibe Ilala. Pali magombe a mchenga woyera pakati pa miyala, pali malo ogona a madola monga Kaya Mawa amene ife tidzangowaona ndi maso, ndi ena a thumba lathu. Galimoto ndi zowerengeka, anthu amayenda pansi ndipo amapatsana moni. Tikafika tikumbukire kuti ndi kwawo kwa anthu, osati bwalo la phwando. Sipika ija ya mnzathu wa ku 23 idziwe nthawi yogona.

Kudikira nyengo si chinthu chachilendo kwa anthu a kunyanja, ndipo sitinaphunzire kwa a zanyengo. Ku Mbenji, chilumba cha ku Salima m'dera la Senior Chief Makanjira, usodzi amautseka mu Disembala n'kudzautsegula mu Epulo, ndipo mwambowu wakhalapo zaka makumi angapo. Nsomba zimaswana, anthu amachoka pachilumba nthawi ya mphenzi. Anthu amene chakudya chawo chili m'madzi amatha kuisiya nyanja miyezi inayi. Ife a maholide tikulephera kusuntha ulendo ndi miyezi itatu?

Masiku ano tili ndi mwayi umene mnyamata wa Ababa uja analibe. Nthambi yoona zanyengo imatulutsa machenjezo a mwera pa wailesi ndi pa Facebook, ndipo namondwe wa kunyanja yamchere amaoneka masiku angapo asanatere. Ababa nawo ali ndi zawo: kuzizira kwa m'bandakucha, mzere wakuda umene umaoneka pamadzi chakummwera, momwe mapiri a kutsidya akuonekera. Ndikamawaimbira amayamba ndi kundiuza za mphepo asanandifunse za moyo. Koma chenjezo lili ndi ntchito pokhapokha ngati munagwirizana kale kuti mukalimva mutani. Mukafika pa doko ndi zikwama, mutalipira kale malo, mutajambula kale zithunzi za mu basi, palibe amene amafuna kukhala woyamba kunena kuti tibwerere. Ndiye ndikupempha kuti Loweruka tivote zinthu ziwiri, osati chimodzi. Choyamba tsiku. Chachiwiri lamulo loti a zanyengo akachenjeza, kapena oyendetsa sitima akati sitinyamuka, nkhani yatha pomwepo, palibe kuvotanso pagombe, palibe kusaka boti lapadera. Ndipo boti lililonse limene tingakwere, ngakhale la kaulendo kakafupi kopita ku Chizumulu, tiyambe tawerenga majekete opulumutsira anthu. Akapanda kukwana khumi ndi awiri, sitikwera.

Pali vuto limodzi limene ndilibe nalo yankho lokoma. Mlongo wathu wa ku 25 ndi mphunzitsi. Okutobala sukulu zimakhala zili mkati, ndipo ndikudziwa kuti Julayi akumukakamira osati chifukwa cha namondwe yekha, koma chifukwa nthawi yake yopuma ili cha kumeneko. Wasonkha mwezi uliwonse osaphonya, ndipo buku la ndalama amasunga ndi iyeyo. Tikasankha Okutobala tamusiya, kapena timuika pa mlandu ndi ahedi. Achemwali, sindikukutayani. Ngati gulu lingafune kuti tipite nonse, ndingalolere masiku omalizira a holide yaikulu, sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira, pamene mwera wayamba kutopa. Koma zikatero ndiye pa sitima yaikulu yokha, sabata yathunthu, ndipo ndalama yapadera ija ikwere kufika gawo limodzi mwa atatu. Sabata ya 6 Julayi yokha ndiye ayi. Mukaisankha, ndalama yanga mudzagawane, ndipo ndidzakhala ndikukuimbirani foni mpaka mudzatope nane.

Inu amene muli ku Nkhata Bay, ku Likoma, ku Chizumulu ndi kwathu ku Nkhotakota, tithandizeni Lachisanu lisanathe: ndi sitima ziti zikuyenda panopa, masiku ati, ndipo msewu wa pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa uli bwanji. Amene ali ndi wachibale wa nyumba ya alendo ya mtengo wa anthu wamba cha ku Mbamba andilembere kumbali. A gulu, tikumana Loweruka 2 koloko ku Biwi, malo a masiku onse, ndipo amene ali ndi ngongole ya mwezi watha abwere nayo.